Zimene Ndinaona Posambitsa Maliro

Linali tsiku Lachisanu m'mwezi wa Disembala 2022. Tinali titamaliza Swala ya Jumu'ah, koma mvula inatitsekereza pakhonde la mzikiti, ndipo panalibe wofuna kunyowetsa mkanjo wake. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Alif, Ba, Ta ali wamng'ono, amene lero ali ndi kagolosale pafupi ndi doko, anatulutsa foni nayamba kutiwerengera nkhani ya ku Canada, uku akumasulira pang'onopang'ono. Mwana wa mpondamatiki wina wa kumeneko anali atawonjezera madola 25 miliyoni pa mphotho imene banja lawo linalonjeza kale, kotero kuti yense wothandiza kupeza amene anapha makolo ake akanalandira madola 35 miliyoni a ku Canada.

Pasanathe mphindi khumi ndi zisanu, khonde lija linasanduka bwalo la milandu. Wina anati, "Ndi abale amenewo, chuma sichisowa wochilirira." Wina anati, "Ayi, ndi anzake a malonda." Mkulu wina anapukusa mutu nati, "Chuma chotere sichibwera chokha. Anakhwimira, ndiye nthawi yolipira inakwana." Anthu amene m'mawa wa tsiku lomwelo anali asanamvepo dzina la omwalirawo anali atazenga kale magulu atatu a anthu ndi kuwapeza olakwa. Kenaka mnyamata uja anatembenukira kwa ine nati, "Nanga inu Mwalimu mukuti bwanji?"

Ndinayankha kuti mvula yachepa, ndipo ndinatsika pakhonde. Ena mwina anayesa kuti ndathawa miseche chifukwa cha kuopa Allah. Zoona zake n'zakuti ndinathawa manyazi, pakuti ntchito imene iwo anali kuchita ndinaichitapo ine, ndipo amene ndinawapweteka anali anthu a m'mudzi mwathu momwemu.

Ndiyambe ndi za ku Canada, chifukwa pambuyo pake ndinaifunafuna nkhaniyo n'kuiwerenga mofatsa.

Barry Sherman anali mwini wa Apotex, kampani yopanga mankhwala a kuchipatala imene anaiyambitsa mu 1974. Ntchito yake inali kupanga mankhwala otsika mtengo ofanana ndi amene makampani akuluakulu amagulitsa modula, ndipo chifukwa cha zimenezo moyo wake wonse anali m'makhoti. Mu 2008 kampaniyi inatumiza ku Rwanda mankhwala otalikitsa moyo a anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV. Mkazi wake, Honey, anabadwira mumsasa wa anthu othawa nkhondo ku Austria, kwa makolo achiyuda amene anapulumuka pa kuphedwa kwa Ayuda m'nthawi ya Hitler. Awiriwa anali ndi ana anayi, ndipo ankadziwika mumzinda wa Toronto popereka chuma ku zipatala, kusukulu zaukachenjede ndi kumabungwe othandiza ovutika.

Anaonedwa amoyo komaliza Lachitatu, pa 13 Disembala 2017. Lachisanu pa 15, munthu wogulitsa nyumba amene anali kuyendetsa ofuna kugula nyumba yawo anawapeza atafa m'chipinda chapansi, pambali pa dziwe losambiramo, malamba atakoledwa m'makosi mwawo ndi kumangidwa kuchitsulo. Mwamunayo anali ndi zaka 75, mkaziyo 70. Madzulo a tsiku lomwelo apolisi anauza atolankhani kuti palibe chizindikiro chakuti nyumba inathyoledwa, ndiponso kuti sakusaka munthu aliyense. Kutacha, manyuzipepala analemba kuti amva kwa apolisi ena osatchulidwa maina kuti mwina mwamunayo anapha mkazi wake kenaka n'kudzipha.

Ana awo anakana zimenezo poyera. Analemba loya ndi anthu ofufuza apadera, napempha dokotala wina kuti apimenso matupiwo. Dokotalayo anapeza zipsera m'mikono mwawo zosonyeza kuti anamangidwapo. Pa 26 Januwale 2018 apolisi analengeza kuti onse awiri anachita kuphedwa, ndiponso kuti wowapha anabwera akudziwa amene akufuna. Kuchokera pa 15 Disembala kufika pa 26 Januwale ndi masiku 42. Masiku onsewo munthu wophedwa ankatchulidwa kuti ndi wakupha. Mwambo wa maliro awo, umene kunasonkhana anthu zikwizikwi pamodzi ndi nduna yaikulu ya dzikolo panthawiyo, Justin Trudeau, unachitika mbiri imeneyi ikadali pakamwa pa anthu. Ana anaika bambo awo m'manda uku akuwaikira kumbuyo pa mlandu umene sanapalamule.

Apolisi atakonza mawu awo, mphekesera sizinathe ayi, zinangosintha njira. Zinalowera kwa achibale amene anali atakanganapo ndi malemuwo m'khoti, kwa makampani opikisana nawo, kwa anthu amene anawabwereka ndalama, ngakhale kwa a m'nyumba momwemo. Nyumbayo inagwetsedwa mu 2019. Mu 2021 khoti lalikulu la Canada linalamula kuti zikalata za chuma chamasiye zitsegulidwe kwa atolankhani, ndipo chakumapeto kwa chaka chomwecho apolisi anaonetsa kanema wa munthu woyenda pansi usiku pafupi ndi nyumbayo, amene amamukayikira. Kufikira pamene ndikulemba pano palibe amene wamangidwa. Komabe pali anthu angapo amene maina awo akalembedwa pa intaneti, mawu oti wakupha amatulukira pambali pake, popanda khoti lililonse limene linawazengapo mlandu umenewo.

Mwina wina anganene kuti amenewo sanali Asilamu, ndipo ali kutali, tsono tikuvutikiranji. Koma m'buku la Hadith la Imam Bukhari timawerenga kuti Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anaimirira pamene maliro a Myuda ankadutsa, ndipo atauzidwa kuti womwalirayo ndi Myuda anawakumbutsa Maswahaba kuti nayenso ndi mzimu wa munthu. Lilime limene lazolowera kuweruza akufa a kutali silisowa chochita maliro akagwa pafupi.

Kwathu anagwa pafupi. Pamenepo n'kuti ndili ndi zaka zosakwana makumi atatu, nditangobwera kumene kuchokera ku koleji ya Chisilamu, setifiketi m'chikwama, mutu uli wodzaza ndi Fiqh, ndipo anthu atayamba kundipatsa mpando kutsogolo. M'mudzi mwathu munali Ahaji ena, munthu wachuma kuposa onse m'dera lathu. Anali ndi maboti a injini atatu, makoka a chilimira, mathandala a usipa ambirimbiri, chigayo, ndi nyumba ya malata yokhala ndi magalasi m'mazenera. Denga la madrasa imene ndimaphunzitsamo mpaka lero anafolera ndiwo. Iwo ndi akazi awo analibe mwana wamoyo, ndipo amene ankasunga mabuku a ndalama ndi kulipira alovi anali mphwawo, mwana wa mlongo wawo, mnyamata wofatsa amene ndinkasewera naye mpira tili ana.

Usiku wina m'mwezi wa Juni, mwera ukuwomba, awiriwa analowa m'nyumba ali bwinobwino. Kutacha, Ahaji sanaoneke pa Swala ya Fajr, chinthu chimene sichinkachitika. Dzuwa litakwera anthu anathyola chitseko, nawapeza onse awiri ali gone pabedi, atazizira kale, opanda bala, opanda chizindikiro cha kulimbana ndi munthu.

Monga mwa chizolowezi chathu, zonse zinayenda mofulumira. Amuna anapita kukakumba manda, ena anakagula nsalu ya sanda, ndipo panagwirizanidwa kuti maliro aikidwe ikangotha Swala ya Asr. Ashehe athu anali atakalamba, manja akunjenjemera, tsono anandisankha ine kuti nditsogolere kusambitsa thupi la Ahaji. Pamene ndinkawachititsa wudhu ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanaonepo pa mtembo. Milomo yawo ndi pansi pa zikhadabo panali pofiira mowala, ngati pa munthu wamoyo amene wangothamanga kumene. Mtima wanga unagunda. Ndinamaliza kusambitsa, tinawakulunga m'sanda, tinawaswalira, tinawaika.

Usiku wa tsiku lomwelo, titakhala pasiwa kuzungulira moto, munthu wina wachikulire anandiyandikira nandifunsa monong'ona, "Mwalimu, inu mwawasambitsa. Mwaona bwanji?" Ndikanatha kungoti Allah awakhululukire, n'kutseka pakamwa. Koma ndinali mnyamata, ndipo zinandikomera kuti mkulu akufuna kumva kwa ine. Ndinati, "Milomo ija si ya imfa wamba." Ndinangonena zokhazo. Sindinatchule poizoni, sindinatchule dzina la munthu.

Pofika m'mawa mawu aja anali atabala ana. Kumjigo amayi ankati Mwalimu waona poizoni. Kudoko alovi ankati Mwalimu wanena kuti anawathirira tameki m'tiyi. Pofika tsiku lachitatu funso lakuti anafa bwanji linali litaiwalika, anthu akungofunsana kuti wapindula ndani. Yankho lake linali lapafupi. Amene ankasunga makiyi, amene ankadziwa za ndalama, amene mwa mwambo wathu wa chikamwini anali pafupi ndi chuma cha amalume ake, anali mmodzi yekha. Wina anakumbukira kuti anawamva akukangana za mafuta a injini. Wina anakumbukira kuti pamaliro mnyamatayo sanalire mokweza. Akanalira mokweza, ndikudziwa kuti akanati akubisa.

Ine ndinazimva zonsezi. Ndinadziwa kuti dzina langa ndilo likupatsa mphamvu nkhaniyi, pakuti aliyense ankayamba ndi mawu akuti Mwalimu waona. Sindinaimirire kuti nditsutse. Ndinadziuza kuti ine sindinatchule munthu, tsono mlandu si wanga. Komanso, ndinene zoona, pansi pa mtima nanenso ndinali nditayamba kumukayikira, ndipo ndinkati utsi sufuka popanda moto.

Usiku wina anyamata anaphwanya mazenera a nyumba yake ndi miyala, natentha mathandala amene ankayang'anira. Mkazi wake anabwerera kwa makolo ake. Pa Jumu'ah yotsatira anthu anasiya mpata kumanja ndi kumanzere kwake pamzere wa Swala, pamene timaphunzitsa kuti phewa likhudze phewa. Mwezi usanathe anachoka usiku, nadutsa pa Chiponde kulowa m'dziko la Mozambique. Mayi ake, mlongo wa Ahaji, anatsala okha. Anali atataya mchimwene, mlamu ndi mwana m'mwezi umodzi, ndipo akamapita kuchigayo cha mchimwene wawo yemweyo amayi anzawo ankasiya kulankhula.

Chimene chimandiwawa n'chakuti zonse zoyenera kudziwa ndinkazidziwa. M'mabuku a Fiqh ya Imam Shafi'i amene tinawerenga ku koleji muli lamulo lakuti wosambitsa maliro akhale munthu wokhulupirika, amene akaona chabwino pa mtembo angathe kuchinena, koma akaona choipa achibise pokhapokha pali phindu lenileni pochiulula. Ndinalemba mayeso pa mutu umenewu ndipo ndinakhoza. Surat Al-Hujurat ndinkaiphunzitsa kwa ana: ndime ya 6 imene imatilamula kufufuza nkhani tisanapweteke nayo anthu mosadziwa, ndi ndime ya 12 imene imatiletsa kuchulutsa zoganizirana ndi kufufuzana zamseri, niyerekeza miseche ndi kudya mnofu wa m'bale wakufa. Ine thupi la m'bale wakufa ndinali nditaligwira ndi manja anga masana, ndipo usiku ndinaligawira anthu pamoto.

Ndinkaidziwanso bwino nkhani ya bodza limene linanenedwa pa Mayi Aisha, Allah asangalale nawo. Pobwerera ku nkhondo ya Banu Mustaliq iwo anatsalira m'mbuyo akufunafuna mkanda wawo, ndipo Swahaba wina, Safwan ibn Al-Mu'attal, anawapeza nawakweza pa ngamira yake kufikira anakumana ndi gulu. Amene anakoleza bodzalo anali Abdullah ibn Ubayy, mtsogoleri wa achiphamaso. Koma amene analifalitsa ena anali Asilamu enieni: Mistah, amene anamenya nawo nkhondo ya Badr, Hassan ibn Thabit, mlakatuli wa Mtumiki, ndi Hamna bint Jahsh. Madina inagwedezeka kwa mwezi wathunthu kufikira Allah anavumbulutsa ndime za Surat An-Nur, kuyambira ya 11 mpaka ya 20. Ndime zimenezi zimadzudzula woyambitsa, komanso zimadzudzula kwambiri olandira nkhani ndi kuipatsira ena asanaiyese, akumaiona ngati yaing'ono. Ndikamaphunzitsa nkhaniyi kale ndinkadziika m'malo mwa Zaynab bint Jahsh, mkazi mnzake wa Aisha, amene atafunsidwa anakana kunena chimene makutu ake sanamve ndi maso ake sanaone. Tsiku la mayeso enieni litafika ndinapezeka ndili kumbali ya Mistah.

Panapita zaka zisanu ndi chimodzi. Msuweni wanga wina amene amagwira ntchito ya zachipatala anabwera kudzatichezera, ndipo pocheza anatifotokozera za anyamata awiri amene anafera m'kanyumba koonetsera makanema atagona pamodzi ndi jenereta yoyaka. Anati utsi wa jenereta, ngakhalenso wa mbaula ya makala, uli ndi mpweya wotchedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Mpweyawu umakakamira m'magazi kuposa mpweya wabwino maulendo opitirira 200, ndipo munthu wogona m'chipinda chotseka amangopitirira osadzuka. Kenaka anawonjezera, osadziwa chimene akundichita, kuti kawirikawiri magazi a munthu wofa choncho amafiira mowala, ndipo zimaonekera m'milomo ndi m'zikhadabo.

Nsima inandikanika kumeza. M'mawa mwake ndinapita kwa mkulu amene anali mlonda wa Ahaji, nditamupeza akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango. Ndinamufunsa kumene jenereta inali usiku uja. Anandiyang'ana nthawi yaitali nati, "Mwalimu, mwezi umene uja akuba anaba jenereta kwa eni sitolo aja. Ahaji anati yawo izigona m'nyumba. Usiku umenewo anailowetsa m'kanjira ka pakati ikuyaka, chifukwa amayi ankafuna magetsi, ndipo mazenera anatseka chifukwa cha mwera. M'mawa tinaipeza itazima, mafuta atatha. Ndinanena pamaliro pomwepo. Koma ndani akanamvera mlonda pamene Mwalimu waona poizoni?"

Sindingalumbire kuti utsi ndiwo unawapha, pakuti palibe dokotala amene anawapima, ndipo manda sayankha mafunso. Chimene ndingalumbirire n'chakuti panali chifukwa china chapafupi, chooneka ndi maso, chokhala ndi mboni, ndipo mawu anga ndiwo anachikwirira.

Apa ndipo nkhani ya ku Toronto inandiphunzitsa chinthu chimene ndinachedwa kuchimvetsa. Kukayika pakokha si tchimo. Ana a Sherman anakayika zimene apolisi anaganiza poyamba, ndipo kukayika kwawo ndiko kunayeretsa dzina la bambo awo. Kusiyana kwa iwo ndi ine kuli pa kumene tinapita nako kukayikako. Iwo anapita nako kwa dokotala wodziwa kuwerenga zipsera. Ine ndinapita nako pamoto wa pasiwa. Chimene ndinayenera kuchita nditaona milomo ija chinali kuimitsa kusambitsa, kuitana Ashehe ndi mwini mbumba pambali, ndi kuwauza kuti imfa ya anthu awiri usiku umodzi iyenera kuonedwa ndi apolisi ndi achipatala tisanaike. Kufulumiza maliro ndi Sunnah, ndipo sindikuipeputsa. Koma magazi a munthu ndi mbiri ya munthu nazonso n'zopatulika m'Chisilamu, ndipo mabungwe akuluakulu a maulama a masiku ano analoleza kupima mtembo pamene pakufunika kudziwa ngati munthu waphedwa. Maola ochepa odikira dokotala akanapulumutsa zaka za munthu wosalakwa. Ndipo ngati panalidi wakupha, akanapezeka ndi umboni.

Chisilamu sichitiuza kuti tizikwirira milandu. Surat Al-Baqarah, ndime ya 283, imaletsa kubisa umboni. Koma umboni uli ndi malo ake, ndipo uli ndi muyeso wake. M'nthawi ya Mtumiki, Swahaba wina dzina lake Abdullah ibn Sahl anapezeka ataphedwa ku Khaybar, dera la Ayuda, popanda woona amene wamupha. Abale ake anabwera ku Madina ali ndi mkwiyo, akuloza chala anthu a kumeneko. Panali zifukwa zowakayikira, pakuti panali patachitika nkhondo pakati pawo. Mtumiki anawafunsa ngati angalumbire malumbiro makumi asanu pa amene akumuneneza. Iwo anayankha kuti sangalumbire pa chinthu chimene sanachione. Mtumiki sanalange munthu aliyense wa ku Khaybar. Analipira yekha dipo la ngamira 100 kwa abale a wophedwayo, kuti magazi asapite pachabe ndiponso kuti wosalakwa asaphedwe. Abale aja anali ndi chisoni chenicheni, komabe anaopa kulumbira. Ife pakhonde la mzikiti tinalibe ngakhale chisoni, koma tinagamula mlandu mvula isanakate.

Tisaiwale kuti kwathu kuno mphekesera imapha. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anayi okalamba anaphedwa powaganizira ufiti, mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Mu 2017, chaka chomwe a Sherman anaphedwa, mbiri ya anamapopa inayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre, ndipo anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Aliyense wa oponya miyala aja anali atamva kwa wina amene anamva kwa wina. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndipo imfa ikagwa m'nyumba ya wachuma, malilime amathwa koposa, chifukwa nsanje imene inkaopa munthuyo ali moyo imapeza mpata. Amene tinkadya sadaka yake dzulo timayamba kufunsa kumene anachitenga chuma, ngati kuti sitinamuone akudzuka pakati pa usiku kupita kudoko zaka makumi atatu.

Zinanditengera zaka zina ziwiri kuti ndilimbe mtima. Mayi ake a mnyamata uja anali atamwalira kale pamenepo, ndipo iye sanabwere kumaliro poopa anthu. Ndinafunsira kwa amalonda a nsomba zouma kufikira ndinamva kuti ali ku Mandimba, akukonza njinga pamsika. Ndinakwera matola mpaka pa Chiponde, n'kuwoloka.

Ndinamupeza atawerama pa gudumu, imvi zitayamba kumera. Anandizindikira msanga, nayankha salamu yanga mokwanira, nandipatsa kampando. Ndinamuuza zonse: za milomo, za mawu anga pamoto, za mlonda, za jenereta. Ndinati, "Achimwene, amene anayatsa moto umene unakuthamangitsani ndine. Ndabwera kudzapempha kuti mundikhululukire chifukwa cha Allah."

Anapukuta manja pa kansanza, nakhala chete kufikira ndinayamba kumva phokoso la msika wonse. Kenaka anati, "Mwalimu, ndinkadziwa kuti mawu anachokera kwa inu. Ndinadikira kuti mubwera sabata yomweyo, chifukwa tinakulira limodzi. Za jenereta ndinawauza amalume kuti asamailowetse m'nyumba, ndiyo mikangano imene anthu anaimva ija. Ine ndakukhululukirani, pakuti nanenso ndikufuna Allah adzandikhululukire. Koma amayi anga anamwalira akutchedwa mayi wa wakupha. Zimenezo mukapemphe kwa iwo pa Tsiku la Chiweruzo, ine sindingawayankhire." Atatero anawonjezera kuti, "Chinthu chimodzi chokha ndikupempheni. Mawu amenewa mwandiuza kuno kumsika kwa eni. Mukawanene kumene munanena oyamba aja."

Ndinachita zimenezo. Lachisanu lotsatira ndinapempha Ashehe kuti andipatse mphindi zochepa itatha Swala, ndipo ndinaimirira pamaso pa anthu amene ndimaphunzitsa ana awo, n'kunena zimene ndinachita. Mlonda uja anaimiriranso nanena zake. Ena analira. Ena anandigwira dzanja. Koma ambiri mwa amene anamva bodza lija anali atasamuka, ena atamwalira, ena sanabwere tsiku limenelo. Ndipo potuluka ndinamva munthu wina kumbuyo kwanga akuuza mnzake kuti mwina Mwalimu wapatsidwa kenakake. Madzi akatayika saoleka.

Mnyamata uja sanabwererenso kudzakhala kwathu. Anakwatira ku Mandimba komweko, ndipo zaka zingapo zapitazo anatumiza mwana wake wamwamuna kuti azikhala ndi achibale kuno n'kumaphunzira sukulu. Madzulo mwanayo amabwera ku madrasa kwanga, amakhala pansi pa denga limene agogo ake anafolera. Ndi wanzeru, ndipo Juzu Amma anaimaliza msanga kuposa anzake.

Chaka chatha, ana akusewera mpira wachikulunga kuseri kwa madrasa, panabuka mkangano wa chigoli. Ndili m'kalasi ndinamva mwana wina wa zaka khumi akukuwa kuti, "Iwe usatiuze, bambo ako anapha amalume awo!" Mwana wonenayo anabadwa patapita zaka zambiri Ahaji ali m'manda. Sanawaonepo, sadziwa ngakhale pamene panali nyumba yawo. Mawu amene ndinanong'oneza mkulu mmodzi pamoto ndinawamva akutuluka m'kamwa mwake.

Ndinawaitana onse awiri, ndi anzawo onse, n'kuwakhazika pamkeka. Wonenedwayo anali chilili, akunjenjemera, misozi ili m'maso koma osagwa. Ndinamufunsa wonenayo kuti anamva kwa yani. Anati kwa agogo ake. Ndinamufunsa ngati akudziwa kumene agogo akewo anamva. Anapukusa mutu. Ndinamuuza kuti anamva kwa ine, ndipo tsiku limenelo sitinawerenge phunziro lina.